Alfred Deller sanachite manyazi ndi mawu ake

Inu oimba kwaya, dzina la Alfred Deller muyenera kulidziwa. Anali bambo wa ku England, wandevu zake, wa ana atatu, koma akatsegula pakamwa kuti aimbe, mawu ankatuluka okwera ngati a mayi woimba aluto. Mwamuna woimba chotere amatchedwa countertenor. Lero alipo ambiri, monga Andreas Scholl wa ku Germany, Philippe Jaroussky wa ku France ndi Jakub Józef Orliński wa ku Poland, ndipo anthu amadzaza maholo kukawamvera. Ine ndimaona kuti onsewa akukolola m'munda umene Deller anaswa mphanje yekha, anthu akumuseka.

Anabadwira ku Margate mu 1912. Anayamba kuimba kutchalitchi ali mwana, ndipo mawu ake atasintha pa unyamata, iye anapitirizabe kuimba mokweza. Womuphunzitsa panalibe. Nthawi imeneyo kaimbidwe aka kanali katatsalira m'makwaya a matchalitchi akuluakulu a Anglican, mmene amuna ankaimba aluto atabisika pakati pa anzawo, osati kuimirira payekha pamaso pa khamu. Mu 1940 analowa kwaya ya Canterbury Cathedral. Inali nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo chikumbumtima chake sichinamulole kugwira mfuti, choncho ankagwira ntchito ya kumunda uku akuimba.

Ku Canterbury komweko ndi kumene wopeka nyimbo Michael Tippett anamumva akuimba nyimbo ya Henry Purcell, wopeka nyimbo wa ku England amene anamwalira kalekale mu 1695. Tippett anazindikira pomwepo kuti nyimbo zakalezo zapeza mawu oziyenera, n'kumuitanira ku London. Mu 1946 mawu ake anamveka pa wailesi ya BBC tsiku lotsegulira nthambi yake yatsopano yotchedwa Third Programme, ndipo chaka chotsatira anasamukira ku kwaya ya St Paul's Cathedral.

Chimene chimandiwawa ndi funso limene linkamutsata kulikonse: kodi munthuyu ndi wofulidwa? Funsoli lili ndi gwero lake. Ku Italy, kwa zaka mazana, anyamata aang'ono ankafulidwa kuti mawu awo asasinthe, n'cholinga choti aziimba m'matchalitchi ndi m'masewero oimba otchedwa opera. Woimba wina wotchedwa Farinelli anatchukira pamenepo. Wofulidwa wina, Alessandro Moreschi, amene anamwalira mu 1922, anafika pojambulidwa mawu mu 1902 ndi 1904. Imeneyo inali nkhanza yochitira ana, ndipo palibe nyimbo yokoma imene ingaifafanize. Koma Deller thupi lake linali lathunthu, polankhula mawu ake anali a bambo ngati wina aliyense. Chimene countertenor amachita ndi luso: timinofu totulutsa mawu pakhosi timatambasuka n'kupyapyala, kenako timanjenjemera m'mphepete mokha, ndiye mawu amakwera. Mwamuna aliyense angathe kufikako pang'ono. Chovuta n'kuwalimbitsa mawuwo kuti asagwedere, kuti akule ndi kuchepa mwakufuna kwa woimba, ndiponso kuti liwu lililonse la m'nyimbo limveke. Zimenezi zimatenga zaka, ndipo iye anazipeza yekha, nthawi yomweyonso akufunsidwa za umuna wake ndi anthu osamudziwa n'komwe.

N'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona m'makwaya athu mnyamata wa mawu okwera bwino akukankhiridwa ku besi chifukwa choti anzake akumunena kuti akuimba ngati mtsikana. Aphunzitsi a kwaya, mumvetsereni kaye mwanayo musanamusunthe.

Sikuti zonse zinamuyendera. Wopeka nyimbo Benjamin Britten analemba gawo la Oberon mu opera ya A Midsummer Night's Dream poganizira mawu a Deller, ndipo Deller analiimba koyamba m'tauni ya Aldeburgh ku England mu 1960. Koma seweroli litapita ku holo yaikulu ya opera ya Covent Garden ku London mu 1961, gawolo linapatsidwa kwa Russell Oberlin wa ku America. Deller sanali katswiri wochita sewero, zimenezo n'zoona, komabe kwa ine kumuchotsa pa gawo lolembedwera pakhosi pake kunali kumulakwira. Britten mwini wake pojambula opera imeneyi mu 1966 anabwerera kwa Deller.

Mphamvu zake zenizeni zinali m'nyimbo zofatsa za Purcell ndi John Dowland, zoimba ndi woimba lute (chida cha zingwe chonga gitala) mmodzi pambali pake, komanso m'gulu lake la Deller Consort limene linayenda maiko ambiri ndi nyimbo zakale za ku England. Anayambitsanso chikondwerero cha nyimbo cha Stour Music ku Kent. Anamwalira mu 1979 ku Bologna, ku Italy, ali ndi zaka 67, ndipo mwana wake Mark Deller, nayenso countertenor, ndi amene anapitiriza kutsogolera gululo ndi chikondwererocho.