DAC sichiza sipika yong'ambika

Loweruka lapitali alamu anga anandiitanira kunyumba kwawo kuno ku Dedza kuti ndikamve mmene nyimbo zasinthira chigulireni DAC, kabokosi kolumikiza pakati pa foni ndi ampulifaya, ku Lilongwe, ndi ndalama za mbatatesi zimene anakolola ku Bembeke. Anandikhazika pampando wabwino, anaika nyimbo, nayamba kundiyang'ana kumaso kudikira kuti ndiyamikire. Nditasuzumira kuseri kwa shelefu ndinapeza kabokosiko kakuyaka nyali yake bwinobwino, koma foni yawo inali kutumiza nyimbo ku ampulifaya kudzera pa Bluetooth, kutanthauza kuti mawu sankadutsa m'kabokosimo ngakhale pang'ono. Sabata yathunthu munthu wamkulu wakhala akugwedezera mutu kusintha kumene kulibe. Mkwiyo wanga wonse uli pa wogulitsa uja, amene anawauza kuti akangolumikiza kachipangizoka nyumba yawo isanduka situdiyo.

Ntchito ya DAC ndi imodzi yokha, kutenga manambala amene nyimbo zimasungidwiramo m'foni, m'kompyuta kapena pa CD, n'kuwasandutsa mphamvu yamagetsi imene ampulifaya ingaikuze mpaka sipika kulira. Laputopu ili nayo kale, wailesi yakanema ili nayo kale, ndipo ampulifaya ya alamuyo, popeza imalandira Bluetooth, ili nayonso m'mimba mwake. Iwo anagula yachiwiri pamene yoyamba sinawalakwire chilichonse.

Ndinawauza kuti: "Alamu, tiyeni tilumikize moyenera ndi waya wa USB timve." Tinatero, ndipo nyimbo zinamveka chimodzimodzi, monga ndinkayembekezera. Zikanasintha bwanji pamene sipika yakumanzere inang'ambika chaka chatha n'kumatidwa ndi guluu? Zikanasintha bwanji pamene masipika onse awiri anapanikizidwa pakona imodzi, pa simenti yopanda ngakhale mkeka, m'chipinda cha malata chopanda siling'i, mmene mawu amagunda khoma n'kubwerera ngati mukulankhula m'tchalitchi chopanda anthu? DAC sichiza sipika yong'ambika, siyala kapeti pansi, ndipo sipachika makatani pazenera. Vuto likakhala pa sipika ndi chipinda, ndalama zipite ku sipika ndi chipinda.

Ndiye palinso nyimbo zenizenizo. Zonse ndi za MP3 ya 128 kbps zimene anyamata a pamsika amathira m'flashi, ndipo MP3 imachepetsa kukula kwa nyimbo potaya mbali ina ya mawu. Chimene chatayidwa chatayidwa, palibe kabokosi kamene kangachitole. Pakatoni ya DAC ija analembapo 32-bit ndi 384 kHz ndi zilembo zagolide, ndipo manambala amenewa, osonyeza kuchuluka kwa tsatanetsatane wa mawu amene ingalandire, ndiwo anawakopa alamu anga. Komatu CD, imene Sony ndi Philips anaitulutsa mu 1982, imangogwiritsa ntchito 16-bit ndi 44.1 kHz, ndipo zimenezi zimakwanira kusunga mawu onse amene khutu la munthu lingamve, chifukwa khutu la mwana limalekeza cha pa 20 kHz ndipo malire amenewa amatsika munthu akamakula. Alamu anga apitirira zaka 50 ndipo theka la moyo wawo alithera pachigayo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Sindikukana kuti DAC yapadera ili ndi malo ake. Ngati laputopu yanu imatulutsa kaphokoso kosokosa mukalumikiza waya ku ampulifaya, imathandiza. Ngati wailesi yakanema yanu ili ndi potulukira mawu pa optical pokha pamene ampulifaya yanu ndi yakale ya mawaya ofiira ndi oyera, mukuifuna ndithu, ndipo popeza waya wa optical umanyamula kuwala m'malo mwa magetsi, umadulanso kung'ung'udza kwa 50 Hz kumene kumabwera zipangizo ziwiri zikalumikizana pamagetsi a m'nyumba. Ngati foni yanu ilibe polowetsa mahedifoni, monga zakhalira ndi mafoni ambiri kuyambira pa iPhone 7 ya mu 2016, kawaya kakang'ono kokhala ndi DAC mkati kakukwanirani. Pa zonsezi, vuto limayamba lamveka m'khutu kenako munthu n'kupita kukagula. Alamu anga anayamba ndi kugula, ndipo mpaka lero sangathe kunena vuto limene ankafuna kuthetsa.

Anthu amagwa m'mbuna imeneyi chifukwa cha mavidiyo a pa intaneti, koma ogulitsa athu nawonso aonjeza bodza. Tsiku lomwelo ndinaona katoni ya ampulifaya yawo itaponyedwa pamwamba pa kabati, italembedwa 5000W PMPO, nambala yokokomeza ya mphamvu ya kanthawi kochepa chabe, pamene ampulifayayo ndi yopepuka moti mwana wa sitandade 2 angainyamule ndi dzanja limodzi. Nambala yoona ndi ya RMS, yosonyeza mphamvu imene ampulifaya imatulutsa mosalekeza, ndipo nditaifufuza pakatoni ponsepo mpaka kunsi kwake sindinaipeze.