Tisiye kuuza alendo kuti “mufika lero lomwe”

Nkhaniyi yakhala ikundiwawa kuyambira pamene achemwali anga anabwerera ku Quelimane, ndiye lero ndati ndiinene poyera, makamaka kwa inu anzanga a pa Muloza, pa Limbuli ndi pa Chitakale amene mumakumana ndi alendo tsiku ndi tsiku.

Achemwaliwo anakwatiwa ku Mozambique kalekale, ndipo ana awo atatu anabadwira komweko. Nyanja yamchere anawo akuidziwa, ku Zalala amakasambako. Koma nyanja ya kwawo kwa mayi awo, ya madzi oti ukachapira sopo amachita thovu, ankangoimva m'nkhani. Mayi awo anasunga ndalama chaka chathunthu kuti patchuthi akawaonetse Cape Maclear. Ananyamuka m'bandakucha pa chapa, monga amatchulira minibasi kumeneko, anadutsa pa Nicoadala, anasintha galimoto ku Mocuba, ndipo pooloka pa Muloza n'kuti dzuwa litapendeka kale. Ine tsikulo ndinali kumaliro ku Thyolo, foni itazima. Atafunsa anyamata oitanira ngati angakafike kunyanja tsiku lomwelo, anayankhidwa kuti, “Kwerani amayi, ndi pafupi, mufika lero lomwe.”

Anakwera. Ku Limbe anafika kachisisira. Minibasi ya ku Mangochi inachedwa kudzaza, ndipo itafika pa Liwonde usiku, anthu ambiri atatsika, dalaivala anati iye wathera pomwepo. Mayi ndi ana atatu anagona pakhonde la sitolo, udzudzu wa m'mbali mwa Shire uli nawo usiku wonse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Achemwali anga anafunsa, koma phulalo anadyabe, ndipo anawadyetsa ndife.

Ndikuti ndife chifukwa si oitanira okha amene ali ndi khalidweli. Iwo n'zoona amafuna galimoto idzaze. Koma ngakhale mayi wogulitsa nanazi pamsewu, ngakhale mkulu wa mpingo, mukamufunsa njira amakuuzani kuti ndi pompano. Timaona ngati kuuza mlendo kuti ndi kutali n'kumugwetsa ulesi, ngati n'kusowa ulemu. Ine ndikuti ulemu wotere ndi umene umagoneka ana panja.

Tiwerengere limodzi. Kuchokera ku Quelimane kudzafika ku Milange ndi makilomita opitirira 300. Msewu wa Mocuba mpaka Milange unali wafumbi zaka zambiri, pano anauthira phula ndipo zinthu zinapepukako, koma chapa sichoka isanadzaze. Ndiye pali pachipata: kudinditsa mapasipoti mbali ya Milange, kuoloka, kudinditsanso mbali ya Muloza, kusintha ma metical kuti upeze makwacha. Ukamaliza zonsezi watsala ndi makilomita enanso opitirira 300, ndipo palibe galimoto imodzi imene imachoka pa Muloza n'kukakutula ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear. Ukwera yopita ku Limbe, kaya yodzera ku Thyolo kaya yodzera msewu wa Midima. Ku Limbe ukwera ya ku Mangochi yodzera ku Zomba ndi ku Liwonde, ndipo tonse tikudziwa kuti panjira akhoza kukugulitsa kwa minibasi ina, iwe n'kumasamutsa katundu ndi ana. Ku Mangochi usakasaka ya ku Monkey Bay. Usanalowe m'tauni ya Monkey Bay utsika pamphambano, ndipo pamenepo patsala makilomita pafupifupi 18 okwera ndi kutsika m'mapiri, kumene kawirikawiri umadalira njinga yamoto kapena kagalimoto kamene kapezeke. Siteji iliyonse ili ndi nthawi yake yodikira. Amene akuti zimenezi zitheka kwa munthu wooloka pa Muloza masana, ndiye kuti sanayendepo njirayi, apo ayi sakumufunira zabwino mlendoyo.

Ena anena kuti bwanji osadzera ku Phalombe. N'zoona, msewu wochoka pa Chitakale kudzera ku Likhubula, Phalombe ndi Jali umakakutulutsira ku Zomba osaona Limbe, ndipo kwa amene ali ndi galimoto yakeyake ndi njira yabwino, phiri lili kudzanja lamanja mtunda wautali ndithu. Koma kwa wokwera matola, magalimoto a njira imeneyi ndi oduladula. Komanso nthawi yadzinja muyambe mwafunsa za milatho. Namondwe Freddy uja wa mu Malichi 2023 anatulukira kumtunda kufupi ndi Quelimane komweko, ndipo zimene anachita ku Mulanje ndi ku Phalombe palibe wa kuno amene angaiwale. Mbali ya Mozambique nakonso, mu Januwale 2015 madzi a mtsinje wa Licungo anadula mlatho pa Mocuba, anthu n'kukhala tsidya ili ena tsidya ilo. Njira imeneyi imamvera mvula.

Maganizo anga ndi akuti ulendowu ndi wa masiku awiri, ndipo pogona pake ndi kwathu kuno ku Mulanje. Tili pakati penipeni pa nyanja ziwirizi. Munthu wochoka ku Quelimane m'mawa amafika kuno kukadali kowala, mpata wosamba, kudya nsima ndi kugona ulipo. Akadzuka 5 koloko n'kukwera galimoto yoyamba, minibasi za m'mawa sizichedwa kudzaza, ndipo dzuwa likamapendeka amakhala akuona madzi a Malombe, madzulo asanakwane ali ku Chembe. Ndipo kugona kuno sikutaya tsiku. Mlendo akutuluka m'dziko lachidikha la minda ya kokonati, kudzuka m'mawa n'kuona minda ya tiyi yobiriwira mpaka m'tsinde mwa phiri limene nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. Ana a achemwali pobwerera anagona kwathu, ndipo wamkuluyo anakhala pabwalo nthawi yaitali akungoyang'ana mtambo ukutsika m'phirimo. Pa ulendo wopita anadutsa pompano atapanikizika pampando wakumbuyo, chikwama chili pamiyendo.

Pali amene andiuza kale kuti malo ogona ndi ndalama, ndipo si aliyense angakwanitse. Ndikumva. Koma achemwali usiku uja anaononga zambiri kuposa mtengo wa chipinda cha pa Chitakale: chakudya chogula mwadzidzidzi, mlonda wa pasitolo amene anayenera kumupatsa kangachepe, ndipo m'mawa mwake, chifukwa chotopa, analipira galimoto yodula kuti ana angofika. Komanso anthu ambiri ooloka pa Muloza si azungu a zikwama zazikulu. Ndi abale athu, Alomwe ndi Amang'anja a tsidya linalo, oti ukafunsitsa mupeza kuti agogo anu anali pachibale. Mphasa ndi bulangete sizisowa m'nyumba zathu.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi zimene ana aja anataya. Anali ndi masiku ochepa, ndipo tsiku loyamba kunyanja linathera kugona. Malo aja si gombe wamba losambirapo. Boma linawakhazikitsa kukhala paki mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, chifukwa cha tinsomba ta mbuna timene timakhala m'miyala, tamitundu yambirimbiri, tambiri mwa ito tosapezeka kwina kulikonse koma m'nyanja yathuyi. Kuti utione bwino umakwera boti kupita ku chilumba cha Thumbi kapena kuyenda mpaka ku Otter Point, n'kuviika nkhope m'madzi oyera mbee, tinsomba tabuluu ndi tachikasu tikukuzungulira. Eni maboti amaimba mluzu n'kuponya nsomba pamadzi, nkhwazi n'kutsika mumtengo kudzaiwakha anthu akuona. Zimenezi zimafuna mwana wogona bwino, osati woti maso ali psuu ndi tulo. Ku Thumbi anapitako tsiku lachiwiri mothamanga. Ku manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika pamalopo mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 atatopa ndi malungo, sanafikeko. Mwala wa Mphini, uja uli m'mbali mwa msewu wolowera ku Chembe wokhala ndi mizere ngati mphini zotemedwa pankhope, anaudutsa ali mtulo.

Ndipo panali nkhani imodzi imene ndinkafunitsitsa aimvere pamalo pomwepo. David Livingstone atadutsa Africa kuchokera kunyanja yakuzambwe, ulendo wake anakauthera ku Quelimane mu 1856, mumzinda umene iwo anabadwira. Munthu yemweyo ndi amene anadzatcha malo a kunyanjawa dzina lakuti Cape Maclear, pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, ngakhale eni mudzi mpaka lero amati ku Chembe. Ndinawafotokozera tili pakhonde kuno, koma mwana amagwira bwino nkhani akamaponda dothi lake.

China chimene palibe anawauza panjira yonseyo ndi cha likodzo. Madzi a m'mbali mwa mudzi wa Chembe amadziwika ndi matendawa, ndipo wosamba kumeneko ndi bwino apite kuchipatala pakapita milungu ingapo kuti akamuone ndi kumupatsa mankhwala. Ndinachita kuwaimbira foni atafika kale ku Quelimane. Nachonso timachibisa poopa kuthamangitsa alendo, pamene mlendo wouzidwa zoona amasamba mtima uli m'malo ndipo amadzabweranso.

Achemwali ati adzabweranso nyengo yozizira ikadzatha, chifukwa wamng'onoyo sakuleka kufunsa za tinsomba tabuluu. Tagwirizana kale. Ndidzawachingamira pa Muloza, adzagona kwathu, alamu awo adzaphika kalongonda, ndipo m'mawa mwake ndidzakwera nawo limodzi mpaka ku Chembe. Pa Mwala wa Mphini ndidzapempha dalaivala aime.