Kodi filimu iliyonse mpaka wina afe?

Ndatopa nanu, abale anga a kwa Mponda. Dzulo ndinaika filimu yodekha, ya msodzi wokalamba amene amangoyang'ana madzi ali m'bwato, kamera osasuntha, nyimbo palibe. Mphindi ziwiri zisanathe, alamu afunsa kale: "Kodi yaima? Kapena ndi netiweki?" Achimwene nawo: "Akita wake ndi uti? Ayamba liti kumenyana?" Mng'ono wanga wagwira kale limoti kuti aithamangitse. Uthamangitse chiyani, mafunde?

Munazolowera za kuvidiyo kumsika, zija DJ amalongolola m'Chichewa osapuma, wina akathyola mnzake khosi holo yonse n'kuwomba m'manja. Chabwino. Koma si inu nomwe mumakhala pa bawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, maso ali pa njombwa, osayankhula? Si inu mumadikira mabwato a usipa pamchenga kuyambira mbandakucha, kuyang'ana nyanja yomweyo? Ikangolowa mu kanema basi yasanduka yotopetsa?

Amene anakhala mpaka mapeto ndi agogo okha, chete, osaphethira n'komwe. Mtima wanga unakhala pansi kuti ndapeza mnzanga. Kenako ndinamva mkonono.