Mapaundi 7 pa sabata, ana awiri

Lachisanu m'mawa, ndikutsika basi pochokera ku ntchito ya usiku kuno ku Leeds, ku England, foni inalira kundidziwitsa kuti ndalama yosamalira ana yalowa, ndipo nditayang'ana ndinaona £6.72. Ndinaima pasiteji mvula ikundinyowetsa, ndikuwerenga mobwerezabwereza ngati kuti nambala ina yabisala kumapeto. Bambo a ana anga, amene tinasiyana, tsopano akulandira ESA, thandizo la boma la anthu amene matenda awalepheretsa kugwira ntchito, ndipo lamulo la kuno limati kholo lotere lizipereka mapaundi 7 pa sabata, kaya mwana ndi mmodzi kaya alipo asanu. Pa 7 yomweyo a ofesi ya boma yoona za ndalama yosamalira ana amadulapo 4 peresenti chifukwa ndi iwo amene amatolera, ndiye chotsala ndi chimenechi.

Pamene ankagwira ntchito ankadulidwa 16 peresenti ya malipiro awo msonkho usanachotsedwe, poti ana ndi awiri, ndipo nsapato za kusukulu zinkagulika. Sindikunena kuti msana wawo suwawa. Ine amene ndimatembenuza nkhalamba pabedi usiku wonse ndimaudziwa msana, ndipo wanga womwe umalira ndikawerama kumanga zingwe za nsapato. Koma lamulo limeneli linaona msana wa abambo n'kuiwala mapazi a ana, amene akukulabe osafunsa kuti kholo lili pa thandizo lanji. Ndalama ina ya PIP, imene amalandira chifukwa cha kulumala, siwerengedwa n'komwe, akuti ndi yowathandiza pa zofunika za thupi lawo. Chabwino, ndamva. Nanga lendi ndi magetsi zidzamvanso?

Nditadandaula pafoni, munthu waulemu kwambiri anandifotokozera kuti angaunikenso nkhaniyi ngati bamboyo akupeza mapaundi 100 kapena kuposerapo pa sabata kuchokera ku ntchito ina. Ndiye kuti ndikaweruka ndi maso ofiira, ndisanduke wapolisi wofufuza, ndizikabisala kuseri kwa mabini kuti ndione ngati mwamuna amene tinasiyana akunyamula katundu wa anthu. Ndipo taonani chodabwitsa: munthu amene chaka chonse sanafunse za ana, mwezi uno wayamba kupempha kuti azikagona kwawo Loweruka lililonse. Ndinasangalala, chitsiru ine, mpaka mnzanga wa kuntchito anandiuza kuti ana akamagona kwa kholo la pa thandizo masiku 52 pa chaka, ngakhale 7 ija imafafanizika.

Ankhoswe athu ali pa WhatsApp, ndipo nzeru yawo ndi yomwe ija yakuti pirirani mayi, ngati kuti pali banja loti ndipirirepo. Abale kumudzi akudikira ya feteleza, ndipo sindingawadzudzule, chifukwa ndine ndemwe ndinkaika zithunzi za chipale chofewa pa Facebook nditavala chikhoti chobwereka. Ndiwauze bwanji kuti ku dziko la mapaundi bambo amalera ana awiri ndi £6.72? Adzati ndikubisa ndalama.

Madzulo a Lachisanu lija mwana wanga wamkazi, amene masamu amamukhalira, anaona uthengawo ndipo anagawa mwakachetechete kuti aliyense ndi £3.36, kutanthauza mapeni 48 pa tsiku. Sanaseke ndipo sanalire, anangondibwezera foni. Ndinamuuza kuti abambo ake akudwala, zomwe ndi zoona, ndipo zina zonse ndinameza, chifukwa sindikufuna kuti ana anga aphunzire kudana ndi bambo awo kuchokera pakamwa panga. Ngati akufunadi kuwatenga Loweruka, awatenge, awaphikire nsima, awafunse za kusukulu, ndipo 7 ija ipite. Ine ndayamba kale kusunga ya matikiti, kuti anawa akaone agogo awo ku Dedza akadali ndi mphamvu zowalandira.