Chenjezo kwa odzigwetsa dala m'bokosi ndi kwa oyimbira amene amawalekerera

Ana anga ndi adzukulu anga amene mumasewera mpira m'mabwalo a kuno ku Nkhotakota, kuyambira ku Dwangwa kukafika ku Benga, pali khalidwe limene ndakhala ndikulipenya kwa zaka zingapo ndipo tsopano landikwana. Mnyamata wamphumphu, amene miyendo yake imapalasa njinga yosenza matumba a mpunga osadandaula, akangolowa m'bokosi n'kumva kuti wotchinga kumbuyo wamuyandikira, amadziponya pansi ngati wawombedwa ndi mphenzi, n'kuyamba kugubuduzika m'fumbi atagwira bondo limene palibe amene walikhudza. Diso limodzi watsinzina ngati akumva ululu, linalo watsegula pang'ono kuti aone ngati woyimbira waloza pa penate. Inu mumati kumeneko ndi kuchenjera, koma kwa ine amene ndinakula ndikumva kuti wotenga chinthu cha mnzake mwachinyengo ndi mbala, sindikupeza dzina lina loti ndikutchuleni.

Musaganize kuti ndikuyankhula za kukhosi kwanga chabe. Malamulo a mpira amalembedwa ndi bungwe la IFAB, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1886, ndipo ndi omwewo amene FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, imagwiritsa ntchito kuno kwathu. Lamulo la nambala 12 likunena kuti wosewera amene akufuna kupusitsa woyimbira ponamizira kuti wagwetsedwa kapena kuti wavulala aonetsedwe kadi yachikasu, ndipo friikiki ipite ku timu inayo. Lamuloli silinasiyanitse bwalo la Bingu ku Lilongwe, bwalo la Chitowe ku Dwangwa, ndi kabwalo ka pasukulu ya pulayimale kamene mbuzi zimadyapo m'mawa. Ngati unali kale ndi kadi imodzi, yachiwiriyo ikutulutsa, ndipo anzako atsala khumi chifukwa cha sewero lako.

Ndikudziwa kumene mwazitengera. Mumakhala m'nyumba zoonetsera mpira pa kanema Loweruka ndi Lamulungu, n'kumaona anthu olandira ndalama zankhaninkhani akudzigwetsa, kenako Lolemba mumakayeserera pa bwalo. Chimene simutsatira ndi zimene zimawagwera pambuyo pake. Pa mpikisano wa World Cup wa 2002, Rivaldo wa ku Brazil, munthu amene anali atapatsidwa kale ulemu wa Ballon d'Or, mphotho ya wosewera bwino koposa pa chaka, mu 1999, anamenyedwa ndi mpira pamwendo ndi Hakan Ünsal wa ku Turkey, koma iye anagwa atagwira kumaso. Ünsal anatulutsidwa m'bwalo, FIFA inalipitsa Rivaldo chindapusa, ndipo ngakhale Brazil inatenga chikhocho, mpaka lero dzina la Rivaldo likatchulidwa anthu amakumbukira manja aja ali kumaso. Ku England anafika potopa nazo, moti kuyambira mu 2017 anakhazikitsa zoti wosewera amene wapezetsa timu yake penate kapena watulutsitsa mnzake mwachinyengo aziletsedwa masewero awiri, ngakhale woyimbira sanaone pa tsikulo. Woyamba kulangidwa motero mu Premier League anali mwana wa ku Africa konkuno, Oumar Niasse wa ku Senegal, amene ankasewera ku Everton, atadzigwetsa pa masewero awo ndi Crystal Palace mu Novembala chaka chomwecho.

Koma chimene chandidzutsa kuti ndilembe si za ku England. Tsiku lina ndinali pa bwalo lina la m'mbali mwa nyanja, pa ndime yotsiriza ya chikho cha m'dera, mphepo ya mwera ikuwomba fumbi m'maso mwathu. M'timu imodzi munali mnyamata wothamanga bwino, wa mwendo wamanzere wokoma, koma wodziwika m'midzi yonse yozungulira kuti amagwa ngati papaya lakupsa. M'chigawo choyamba anagwa kawiri popanda womukhudza, ndipo ulendo wachiwiriwo anapatsidwa penate imene inakwiyitsa theka la bwalo. Chakumapeto kwa masewero, wotchinga kumbuyo wina, amene mtima unali utadzala kale, anamulowa ndi mapazi onse awiri. Mwanayo anagwa, analira, ndipo ulendo uno kulirako kunali koona. Woyimbira, amene anali atazindikira kuti poyamba paja anapusitsidwa, anangotambasula manja kuti masewero apitirire. Anthu anaseka, ena anamukuwiza kuti adzuke, ngakhale anzake a timu imodzi sanathamangire kukamuona. Panapita nthawi ndithu asanabwere munthu woti aone kuti phazi lapindika molakwika, ndipo anamunyamulira pa njinga yamoto kupita naye kuchipatala akubuula njira yonse. Ine ndinali m'gulu la amene anaseka poyamba, ndipo manyazi ake sananditherebe.

Inu aphunzitsi a matimu, pamenepa mlandu waukulu ndi wanu. Ndakumvani ndi makutu anga mukuuza ana kuti, "Ukalowa m'bokosi akakugunda pang'ono ugwe." Mwana wa zaka 14 amene mwamuphunzitsa kuti bodza limabweretsa chigoli simungathe kumuletsa mawa akanamiza aphunzitsi ake kusukulu kapena makolo ake kunyumba, pakuti phunzirolo ndi limodzi. Nthawi imene mumataya pomuphunzitsa kugwa mukanamuphunzitsa kuima molimba ndi kutchinjiriza mpira ndi thupi, bwenzi ali wosewera amene matimu akuluakulu angamufune. Nanunso ochemerera amene mumavina mwana wanu akaba penate, n'kufuna kupha woyimbira mwana wa eni akachita zomwezo sabata yotsatira, dzifunseni kuti chimene mukudana nacho n'chiyani kwenikweni.

Tsopano ndiyankhule ndi inu abambo oyimbira, ndipo ndiyankhula mwaulemu chifukwa ntchito yanu ndi yowawa. Mumathamanga mphindi 90 padzuwa la kunyanja, nthawi zambiri popanda okuthandizani ophunzira, koma anyamata awiri otoledwa m'gulu la anthu akukupiza malaya m'malo mwa mbendera, aliyense akukondera mudzi wa kwawo. Komabe wosewera sadzigwetsa pamaso pa woyimbira amene akudziwika kuti amatulutsa kadi. Amadzigwetsa pamaso pa amene amaima pakati pa bwalo ngati mtengo wa mgwalangwa, n'kumaweruza zochitika m'bokosi ali kutali, kapena pamaso pa amene amayamba wamvetsera phokoso la anthu asanaimbe wenzulo. Ena mwa inu mukaona kuti mwana wadzigwetsa mumangomukodola kuti adzuke, osamuonetsa kadi, poopa kukwiyitsa eni bwalo. Kulekerera kumeneko kumamuuza mwanayo kuti kuyesa n'kwaulere: zikatheka apeza penate, zikakanika sataya kanthu.

Tisiyanitse kulakwitsa ndi kugulitsa masewero, chifukwa anthu ambiri amaziphatikiza. Janny Sikazwe wa ku Zambia anathetsa masewero a Mali ndi Tunisia nthawi isanakwane, kawiri konse, pa mpikisano wa mayiko a mu Africa wa AFCON ku Cameroon mu Januwale 2022. Dziko lonse linamuseka, iye anafotokoza kuti kutentha kunamusokoneza thupi, ndipo chaka chomwecho anakaimbira ku World Cup ku Qatar. Kumeneko ndi kulakwitsa kwa munthu. Nkhani ya Joseph Lamptey wa ku Ghana ndi ina. Mu Novembala 2016 anapatsa South Africa penate ponena kuti Kalidou Koulibaly wa Senegal wagwira mpira ndi dzanja, chonsecho mpirawo unamumenya m'miyendo. FIFA itafufuza inapeza kuti anasokoneza dala zotsatira za masewerowo, inamuletsa kuimbira moyo wake wonse, ndipo inalamula kuti masewerowo abwerezedwe. Atabwerezedwa, Senegal inapambana 2-0. Tisaloze kutali kokha. Kuno kwathu mu 2017 oyimbira anayi analetsedwa kwa moyo wawo wonse pa nkhani ya ziphuphu yokhudza masewero a chikho a pakati pa Nchalo United ndi Chitipa United, ndipo ndalama imene inatchulidwa inali yongokwana pafupifupi madola 20 a ku America. Taonani kuchepa kwa mtengo umene munthu angagulitsire dzina lake.

Ena amati vuto lathu ndi kusowa kwa VAR, makina obwereza zithunzi aja amene anayamba kugwiritsidwa ntchito pa World Cup mu 2018 ku Russia. N'zoona kuti kumeneko anamulanda Neymar penate pa masewero a Brazil ndi Costa Rica woyimbira ataonanso chithunzi. Koma ife Amalawi tikukumbukira bwino tsiku lija Flames inalepherana ndi Senegal 0-0 ku Cameroon, pamene woyimbira anatipatsa penate Gomezgani Chirwa atagwa m'bokosi, kenako n'kuibweza atakaona pa kanema. Mpaka lero mkangano wake sunathe m'malo ochezera. Makina amaonetsa chithunzi, woweruza amakhalabe munthu, ndipo pa mabwalo athu a m'midzi makinawo sitiwaona posachedwa.

Apa ndichenjeze mwamphamvu: kufunsa woyimbira kuti ayankhe pa ntchito yake sikutanthauza kumuthamangitsa ndi miyala mpaka kukabisala m'nyumba ya mphunzitsi wamkulu. Womenya woyimbira ndi wopalamula mlandu wa kupolisi, ndiponso ndi amene amachititsa kuti oyimbira abwino akane kubwera kumidzi, n'kutisiyira okhawo osaopa kutaya ulemu chifukwa alibe. Lamulo la nambala 5 limapatsa woyimbira mawu otsiriza pa zochitika m'bwalo, ndipo masewero akayambiranso chigamulo sichisinthika, ngakhale mutalalata mpaka mawu kutha. Lamulo lomwelo limamulamula kupereka lipoti la masewero kwa akuluakulu oyendetsa mpikisano, ndipo pamenepo ndi pamene pali khomo loti tilowerepo.

Choncho inu a makomiti okonza zikho ndi mabonanza, kaya ndalama zake zachokera kwa phungu, kwa wamalonda kapena kumpingo, kumbukirani kuti nkhanga zinapangana kusanapse. Musanaponye mpira woyamba, khalani pansi ndi aphunzitsi a matimu onse ndi oyimbira, mulembe zimene mwagwirizana ndipo aliyense asayine. Woyimbira azilipidwa ndi komiti, asamalandire ngakhale botolo la zakumwa kuchokera kwa eni timu, ndipo asaimbire masewero a mudzi umene anabadwira kapena kumene anakwatira. Timu imene yadandaula ilembe kalata tsiku lomwelo kudzera mwa kaputeni wake, komiti imve mbali zonse, ndipo popeza masiku ano pa bwalo lililonse pamakhala achinyamata ojambula ndi mafoni, zithunzizo zionedwe modekha anthu mitima itatsika. Zotsatira za masewero zisasinthidwe, koma wosewera amene zaoneka poyera kuti anadzigwetsa akhale panja masewero awiri ngati mmene anachitira ku England. Woyimbira amene walakwitsa mobwerezabwereza apumitsidwe ndipo akaphunzirenso, pamene wopezeka kuti analandira kanthu dzina lake lipite kwa akuluakulu a oyimbira ndi a FAM m'boma muno, osati kungomusamutsira ku chikho cha mudzi wina kumene sakumudziwa.

Mnyamata uja ndinakumana naye miyezi ingapo yapitayo pa msika wa nsomba, akuthandiza amalume ake kuyanika usipa pa thandala. Amayenda motsimphina pang'ono, ndipo anandiuza kuti kukazizira phazilo limamuwawa. Ndinamufunsa ngati amapitabe ku bwalo, ndipo anati amapita kukaonerera chabe, ataima kumbuyo kwa golo.