Dzina la Bora Bora si la Chingerezi ayi

Alembi, mwanena kuti azungu akati “Bora Bora” amatanthauza malo aliwonse okongola, odula, kokasangalala anthu ongokwatirana kumene. Zoonadi, koma mwalemba ngati dzinalo adalipeka ndi iwowo. Bora Bora ndi chilumba cha ku French Polynesia, m'nyanja ya Pacific. Eni ake chilumbachi amalankhula Chitahiti, ndipo m'chiyankhulo chawo mulibe “b”. Iwo amati Pora Pora. Alendo ndiwo adalimva molakwika, kenaka n'kulifalitsa choncho.

Chondiseketsa ine n'chakuti James Cook, woyenda panyanja wa ku Britain amene adadutsa kumeneko mu 1769, adalemba kuti Bolabola. Inu anzanga owerenga, tatchulani mokweza, simukumva ngati munthu wa kwathu kuno akuti “bola, bola”? Ife amene “l” ndi “r” timasinthanitsa osadziwa n'komwe, Cook tisamuseke kwambiri.

China chimene mwasiya: chisanatchuke ndi timanyumba ta alendo tomangidwa pamwamba pa madzi, chilumbachi chidali malo a asilikali a ku America kuyambira mu 1942, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Bwalo la ndege limene alendo olemera amaterapo lero, pa kachilumba ka Motu Mute, adamanga ndi asilikali amenewo.