Madzi a pa mjigo anandiphunzitsa

Mwalemba bwino achimwene za kuziziritsa kompyuta ndi madzi, koma apo mwati madzi alionse angalowe m'mapaipi, ayi, ndakana. Ine kuno ku Chipata ndinamanga kompyuta yanga ya mitundu ya Chipolopolo (timu ya mpira ya Zambia), mapaipi obiriwira, mafani a olenji. Chifukwa cha phuma ndinathiramo madzi a pa mjigo, n'kusakaniza utoto. Miyezi itatu yokha, timipata ta mkuwa todutsa madzi pamwamba pa processor (ubongo wa kompyuta) tinatsekeka ndi zoyerayera. Kutentha kwa Okutobala kutafika, kompyuta inkangozima yokha. Thirani madzi a distilled (otchezedwa, opanda mchere) basi, ndipo mkuwa ndi aluminium musaphatikize, zimadyana. Mukamaliza kumanga, yatsani pampu yokha maola 24, mutayala tishu pansi polumikizira mapaipi kuti muone ngati madzi akudontha. Radiator yanga, yomwe imaziziritsa madziwo, ndimaikuntha sabata iliyonse, fumbi la kuno silichedwa.